Mlongo Wake wa Mlangizi wa Pulezidenti

Sendezani mphasa kuno kumthunzi, ndipo iwe siya kaye nandoloyo, sathawa. Mawu anga masiku ano safika patali, ndiye khalani pafupi. Ndikuuzeni za mwana wanga uja mumamuona pa chithunzi atavala suti, ndi za chaka chimene ndinayendayenda ndi khanda kumsana ngati wamisala.

Ine ndinabereka ambiri koma anakula awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Wamwamunayo ndiye woyamba. Anaphunzira ku mishoni, ansembe anamukonda, anamutumiza kutali, n'kubwerako akuyankhula Chingerezi, Chipwitikizi ndi china chotulukira m'mphuno chija amati Chifalansa. Zitabwera zipani zambiri tinamva pa wailesi kuti mwana wa kuno ku Chiringa wakhala mlangizi wa mtsogoleri wa dziko pa nkhani za maiko akunja. Kuno mlangizi amene tinkamudziwa ndi wa zaulimi uja woyenda pa njinga, ndiye anthu ankaseka kuti kodi a Pulezidenti nawonso sadziwa kuunga mizere?

Atabwera kudzationa ndinamufunsa kuti ntchitoyo kwenikweni n'chiyani. Anaganiza kaye, n'kunena kuti ili ngati unkhoswe. Maiko oyandikana ali ngati banja loti silingathe ngakhale atopetsane bwanji, ndiye pamafunika munthu wouza bwana mawu oti anene, mawu oti ameze, ndi nthawi yoti angokhala chete. Ine ndinamva. Unkhoswe ndimaudziwa.

Wamkaziyo sanapite patali ndi sukulu. Anakwatiwa pano pomwe, mwamuna wake n'kumanga kuseri kwa nyumba yangayi monga mwa mwambo wathu. Mkamwini ameneyo sanali woipa ayi. Khasu ankaligwira, mowa sankalawa, ku tchalitchi ankaimba besi. Nthenda yake inali imodzi, kutchula alamu ake. Pa msika alamu anga, pa mpira alamu anga, pa maliro pomwe alamu anga.

Kenaka inafika njala ija. Chimanga chinamira m'madzi, ku msika wa boma kunalibe ndi njere yomwe. Tinadya madeya, tinakumba zitsa za nthochi, ena anadya kalongonda asanapse n'kumazungulira mutu tsiku lonse. Chakudya chinali ku Mozambiki, chifukwa nkhondo yawo itatha nthaka inali yopuma. Kwa ife uko si kwachilendo. Agogo anga anachokera komweko, manda ena a kwathu ali uko, Chilomwe chathu n'chimodzi. Tinkadutsa m'tinjira ta m'tchire, kuponda pomwe anzako aponda chifukwa cha mabomba otsala m'nthaka, kukalima ganyu n'kulandira makaka kapena chimanga.

Kugwidwa kunali kwa masiku onse, ndipo kunali ndi njira yake. Asilikali a m'malire akakugwira ndi thumba, munthu wamkulu wa kwanu ankapita ndi nkhuku, kukhala pansi, kupereka moni m'Chilomwe, n'kuyamba kufunsana mafuko mpaka atapezana kuti amayi a uyu ndi agogo a uyo ankatunga chitsime chimodzi. Wogwidwayo ankapalira munda wa asilikali, thumba n'kugawana, basi wabwera. Palibe ankalemba kanthu. Asilikaliwo nawonso anali ana a anthu osauka, ankangofuna ndiwo.

Mwana wanga wamkazi anali ndi khanda loyamwa, kamnyamata kosayamba n'kukwawa komwe. M'mawa wina anandisiyira, akuti abwera dzuwa lisanalowe, n'kunyamuka ndi mwamuna wake pa njinga. Madzulo anabwera mwamuna yekha, wapansi.

Paja mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Ananjuta kuseri kwa nkhokwe, ine ndili pakhonde, n'kumayankhula ngati akuuza khoma. Anati anawagwira pobwerera. Asilikali anati mkazi atsale apalire, njinga ikhale chikole, mwamuna apite akatenge nkhuku. Mpaka pamenepo zonse zinali m'njira yake. Koma njingayo inamuwawa. Ndiye anaimirira n'kuwafunsa ngati akudziwa amene agwirayo. Anawauza kuti uyu ndi mlongo wake wa mlangizi wa Pulezidenti wa Malawi, bere limodzi, ndipo mawa lomwe amva pa wailesi. Anatchula dzina lonse ndi ntchito yonse. Iye ankayesa kuti achita mantha n'kupepesa. Mantha anachitadi. Wamkulu wawo anavala chipewa, n'kunena kuti nkhaniyi yamukulira. Anakweza mwana wanga pa galimoto n'kupita naye ku boma lawo.

Ndinafunsa khoma lomwelo kuti nanga khandali liyamwa chiyani.

M'mawa mwake achimwene anga anatenga nkhuku yomaliza ya pakhomo pano n'kupita. Anabwera nayo. Chibadwire sindinaonepo msilikali akukana nkhuku. Anawauza kuti nkhani ya mlongo wa munthu wamkulu siithera pansi pa mtengo, ndipo likapezeka galimoto amupititsa ku mzinda wawo waukulu wa kunyanja, kumene amaweruzira za maiko. Amene anapitako m'mbuyomo ena anabwera ana awo atayamba sukulu.

Khanda linalira mpaka mawu anatha. Ndinalimwetsa phala la madeya losefa pa nsalu, linatsegula m'mimba. Mayi wina woyandikana nafe analiika kubere kamodzi, koma iye mwini anali fupa lokhalokha, wakenso akulira, sindikanapemphanso kachiwiri. Ndinapita nalo ku chipatala cha pa Chiringa. Namwino wake, Mtumbuka wa kumpoto uko, anatsina khungu la pamimba, khungu linangoima osabwerera. Anagwira paliwombo n'kupeza palowa. Anatipatsa madzi a mchere ndi shuga aja, n'kunena m'Chichewa chake cholemera kuti, agogo, mwana uyu mankhwala ake ndi bere la amake, kawapezeni.

A hedimasitala a pa sukulu yathu anandiyimbira foni ku positi kuti ndilankhule ndi mwana wanga wamwamuna. Koyamba anati bwana ali mu msonkhano. Kachiwiri anati ali ndi alendo. Kachitatu waya unafa ndi mvula. Ndinati kaya, ndipita ndekha, munthu ameneyo ndinamubereka ndine.

Dalaivala wina wa ku mpingo kwathu anandikweza pa matola, pamwamba pa madengu a matemba a ku Chilwa. Tangoganizani fungo la matemba m'mphuno za munthu amene wagona ndi madeya. Msewu unali matope okhaokha, amuna ankatsika kukankha, ine ndinkangoika dzanja kumsana kuti ndimve ngati kanthu kaja kakupumabe.

Ku Blantyre nyumba yake inali mu mpanda wa njerwa. Mlonda anandiona ngati wopempha, anati lero kulibe kanthu, mubwere Loweruka. Mwamwayi mkazi wa mwana wanga anasuzumira pa windo. Anathamanga wopanda nsapato, ataona khanda anayamba kulira. Analisambitsa, analimwetsa mkaka wa m'chitini ndi kasupuni, wina unalowa wina unabwerera. Ine anandipatsa chitenje chatsopano ndi mpunga wa nyama. Mpungawo unakana kutsika.

Mwana wanga anafika dzuwa litapendeka. Anagwada, anandipatsa moni wabwinobwino. Nditangoyamba kufotokoza anandidula.

"Ndikudziwa, amayi."

Ndinamuyang'ana. Ndinati ngati ukudziwa, ukuchitanji pano ndi tayi pakhosi?

Anatseka chitseko, anakhala pansi pa simenti pafupi ndi miyendo yanga ngati ali mwana, n'kuyamba kundifotokozera pang'onopang'ono. Anati dziko lathu lilibe nyanja ya mchere. Chimanga chimene boma lagula ndi chimene maiko apereka chili m'zombo ku madoko a ku Mozambiki, ndipo kuti chifike kuno chiyenera kudutsa pa njanji yawo ndi m'misewu yawo. Iye wakhala akuchonderera kuti chathu achitsogoze. Eni akewo akudandaula kuti anthu a m'malire tikuwathera chakudya. Ndiye iye mwini, ndi pakamwa pake, analangiza bwana wake kuti za anthu ogwidwa m'malire asatchule ndi liwu limodzi lomwe mpaka chimanga chitadutsa. Bwana anavomera. Tsopano apite bwanji kukanena kuti, bwana, mawu aja tiwamasule chifukwa wagwidwayu ndi wa kwathu?

Ndinati za bwana wako zisiye, ingoyimba foni wekha. Chipwitikizi unaphunzirira chiyani?

Apa ndiye anandiuza chimene chinandizizira m'mafupa. Anati kazembe wa dziko lija anamufunsa kale. Msonkhano utatha, akumwa tiyi, munthuyo anamwetulira n'kunena kuti wamva kuti akusunga mlendo wa kubanja kwake.

"Unati chiyani?"

"Ndinaseka, amayi. Ndinati kwathu ku Phalombe aliyense akagwidwa amakhala mlongo wanga."

Ndinaimirira. Ndinamuuza zonse zimene mayi angauze mwana. Ndinati mwini mbumba ndiwe. Mlongo wako akadwala wothamanga ndiwe, akamenyedwa wokafunsa ndiwe, akafa woyamba kukumba ndiwe. Ndinati pamene iwe unkakhala m'kalasi, amene ankapalira mzere wako ndani? Ndinatulutsa bere langa lofotali n'kumuonetsa, ndinati munayamwa apa nonse awiri. Ndinalankhula mpaka mpweya unandithera.

Kenaka anati ndimve bwino. Akangovomera kuti ndi mlongo wake, wamkaziyo asanduka chikole, ndipo chinthu cha mtengo sachitaya msanga. Adzamusunga bwino, adzamupatsa bulangete, koma adzatuluka tsiku limene akuluakulu adzamalize kukambirana, ndipo akuluakulu sakhala ndi khanda kumsana. Anati mkulu wa ku boma kuja sakumufuna. Akuopa kumusunga, akuopanso kumumasula, kuti mwina am'mwamba adzamufunsa. Munthu wotere sumuopseza, umamupatsa khomo lotulukira.

"Khomo lake ndi liti?"

"Mupite mukanene kuti mulibe mwana ku boma. Kuti alamu aja ndi chidakwa, anangotola dzina pa wailesi."

"Ndikukane, iwe?"

"Mundikane, amayi. Ine ndayamba kale."

Anandiuza kuti chitenje chatsopano chija ndivule, ndivale sanza zanga zomwe ndinabwera nazo. Chitini cha mkaka ndisawoloke nacho, ndikachisiye kunyumba. Mkazi wake anati khanda litsale, apite nalo ku chipatala chachikulu. Iye anakana. Anati lipite. Anati aliyense woliona sangakhulupirire kuti malume ake amadya ndi Pulezidenti. Ananena akuyang'ana pansi, ndipo mkazi wake anatuluka n'kumenyetsa chitseko.

M'mawa galimoto lake linatitula kutali ndi Chiringa, pa malo opanda nyumba, kuti wina asalione. Kotsalako ndinayenda wapansi.

Nditafika ndinatuma achimwene anga kuti akauze mkamwini zoti achite. Anayamba wakana. Anati iye sanalawepo mowa, anthu a ku kwaya amva bwanji? Achimwene anamufunsa ngati a ku kwayawo adzamuimbire bwino pa maliro a mwana wake. Anavomera. Anakapempha kachasu pang'ono kwa mayi wina wotcheza, anamuthira pa malaya ndi m'ndevu, ena anamuuza kuti achukuche m'kamwa. Munthu wa Mulungu anatsokomola mpaka misozi.

Tinanyamuka awiri ndi khanda, mkamwini patsogolo, ine m'mbuyo patali monga mwa ulemu. Khanda linali litasiya kulira. Mwana wolira amakupatsa mtima. Uyu ankangotsegula pakamwa ngati kambalame, mutu uli lende. Ndinkamunyowetsa milomo ndi madzi a namwino aja, n'kumamuuza m'Chilomwe kuti dikira, bambo, amako ali patsogolopa.

Ku boma lawo anatikhazika panja pansi pa mango mpaka mthunzi unasuntha. Kenaka anatilowetsa kwa mkulu wawo, munthu wonenepa maso ofiira, wooneka kuti naye sakugona. Ndinagwada, ndinamupatsa moni m'Chilomwe. Anayankha m'Chilomwe chomwecho asanakumbuke kuti ali mu ofesi. Ndinamasula khanda n'kuligoneka pa tebulo pake, pamwamba pa mapepala. Anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe.

Anandifunsa za mwana wanga wa ku boma. Ndinaseka. Sindidziwa kumene kuseka kumeneko kunachokera. Ndinati bwana, tandiyang'anani bwinobwino, mapazi awa, nsalu iyi. Mayi wa munthu wa Pulezidenti amayenda chonchi? Ndikanakhala ndi mwana wotero bwenzi wanga wamkazi akudzapalira minda ya eni kuno chifukwa cha makaka?

Anati nanga mwamunayu ananeneranji?

Pamenepo ndinatembenuka n'kuyang'ana mkamwini wanga kumaso. Chikwatirire mwana wanga ndinali ndisanamuyang'anepo chotero. Ndinaona koyamba kuti ali ndi chipsera pa chikope. Ndinamuti iwe. Ndinamuti chidakwa, galu wa pa msika, wabodza wogona ndi wailesi m'khutu, wolima ndi pakamwa. Ndinati unabwera pakhomo panga ndi buluku limodzi, lero ukundiphera mbumba chifukwa cha njinga. Za mowazo zinali zonama, koma mkwiyo sunali wonama, unkangotuluka wokha. Iye anagwetsa nkhope. Msilikali wina anamununkhiza malaya n'kuitana anzake, onse anayamba kuseka.

Mkulu uja sanaseke. Anati ali ndi foni, atha kufunsa. Ndinati funsani, bwana. Anatulutsa Baibulo mu kabati, anati ndiike dzanja. Anafunsa kuti ana aamuna ndinabereka angati, ali kuti.

Ndinati, "Ndinali naye mmodzi. Anamwalira ali wamng'ono."

Mawu amenewo sanandiuze mwana wanga, anabwera okha.

Kenaka anatuma kuti akatenge wamkaziyo. Analowa atatupa maso, kutsogolo kwa diresi kuli gwa ndi mkaka wouma. Iye sankadziwa kanthu. Masiku onsewo ankadzilimbitsa mtima kuti achimwene ake akubwera ndi galimoto la mbendera. Atationa anayang'ana kumbuyo kwathu, kukhomo, kufuna munthu amene kunalibe.

Mkulu uja anati, "Amayi akowa akuti ulibe mchimwene. Akuti anafa kalekale."

Anandiyang'ana. Ine sindikanatha kumutsinzinira diso, onse ankationa. Anayang'ana pa tebulo paja. Sindikudziwa ngati anazindikira mwana wake nthawi yomweyo, chifukwa anali atasintha.

"Akunena zoona," anatero. "Ndilibe."

Sanadikire chilolezo. Ananyamula khanda, anakhala pansi pomwepo n'kuliika kubere. Bere linali louma ngati mwala, khanda linalibe mphamvu yokoka. Anafinya, anafinya, akulira ndi ululu, mpaka tinaona kadontho pa mlomo. Lilime linayenda. Asilikali aja anali atasiya kuseka.

Mkulu uja anapuma kwambiri ngati munthu wotula mtolo. Anati nthawi yake yatayika chifukwa cha chidakwa. Anati akazi tizipita, mwamuna atsale apalire munda wonse wa kuseri kwa ofesi, njinga aiwale. Tinatuluka osayang'ana m'mbuyo. Panjira mwana wanga anandifunsa ngati ndinapita ku Blantyre. Ndinati ndinapita. Anafunsa ngati ndinawapeza. Ndinati ndinawapeza. Sanafunsenso china mpaka tinafika.

Khanda lija linakhala moyo. Mkaka unabwerera pang'onopang'ono, tikuthandizira ndi wa m'chitini uja. Linachedwa kuyenda, ndipo msinkhu silinatenge wa kwathu, koma lero ndi bambo, amasoka nsapato ku Limbe.

Chimanga cha m'zombo chinafika ndithu, ngakhale kuno chinapeza ambiri tawaika kale. Ngati chinafulumira chifukwa cha kukhala chete kwa mwana wanga wamwamuna, ine sindidziwa, sindinaphunzire.

Mkamwini anabwerako manja ali matuza. Anakhala pano mpaka kukolola, koma munthu amene apongozi ake amuti iwe pamaso pa anthu sakhalanso pamudzi. Tikakumana panjira aliyense sankadziwa koyang'ana. Tsiku lina anapinda zovala zake n'kubwerera kwawo cha ku Fort Lister, popanda ndewu, popanda mlandu. Anakwatiranso kumeneko. Ndimamva kuti kwaya anasiya.

Achimwene anga anamwalira chaka chotsatira, nthenda ya chifuwa.

Wamkaziyo sanakwatiwenso. Ndi uyo mukumumva akusinja kuseriko. Ndinamufotokozera zonse, za zombo, za njanji, za khomo lotulukira. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti wamva, koma mwini mbumba amabwera ndi miyendo yake. Mchimwene wake akabwera amamupatsa madzi ndi moni wa mlendo. Zimene amatumiza amalandira, amagawira ana, iye salawa.

Wamwamunayo ntchito inatha atalowa mtsogoleri wina wobwera ndi alangizi ake. Anaphunzitsako pa koleji, pano akukhala ku Zomba, shuga ikumuvuta. Ulendo woyamba umene anabwera itatha njala, ndinamukhazika pakhomo apa, ndinamwa madzi n'kulavulira pansi, ndinati mawu aja a pa Baibulo afe, iwe uli moyo. Munthu wa masukulu onse aja sanatsutse, anangoweramitsa mutu mpaka ndinamaliza.

Ine ku Mozambiki sindinapondekonso. Kumeneko amandidziwa kuti ndine mayi uja mwana wake wamwamuna anafa ali wamng'ono, ndipo mkulu uja akuti akadali moyo. Abale akamwalira uko ndimangotumiza ufa, n'kulira ndili konkuno.